Mkono Wopinda wa aNangozo

Sendezani mbaulayo kuno, madalaivala anzanga, mabwana athu mkatimo satuluka msanga, ndamva akuitanitsanso tiyi. Iwe Gomani, tembenuza chimangacho chisapsere mbali imodzi. Mwakhala mukundiseka kuti Lufeyo wakalamba, wayamba kulonjera katundu, chifukwa ndikapatsidwa bokosi la ku labu ndimayamba ndafunsa kuti muli za yani. Lero ndikuuzani chifukwa chake. Wofuna kuseka asekeretu pano ndisanayambe.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Nthawi imeneyo ndinkayendetsa galimoto yoyera ya bungwe lina lofufuza za malungo ku Blantyre, dzina lake lisiyeni. Tsiku limenelo ndinaperekeza Dokotala Zelipa Kamwendo ku bwalo la ndege ku Lumbadzi kukatenga katundu wawo wochokera kunja. Adokotalawa anali mayi wachichepere, wochepa thupi, wosakonda zolankhulalankhula, koma akakuyang'ana pamwamba pa magalasi awo unkadziwa wekha kuti wachedwa.

Katundu wake linali bokosi loyera, lopepuka ngati mulibe kanthu, lomatidwa ndi matepi mbali zonse. Pachivundikiro panali kanyali kobiriwira. Ndege inali itachedwa m'njira, bokosi linagona kwina kwake masiku angapo, ndiye adokotala atangoligwira nkhope inagwa.

"A Lufeyo, mukukaona kanyali aka? Kakafiira ndiye kuti zamkatimu zafunda, zafa. Ayezi watsala pang'ono. Likafa bokosi ili, ntchito yanga yonse yafera pomwepo, sadzanditumiziranso lina. Tisaime paliponse."

"Ngakhale pa tchipisi pa Dedza?"

"Ngakhale potaya madzi."

Ayezi wa m'mabokosi amenewa si wa m'filiji uja. Ndi wouma, amafuka utsi woyera, ndipo sasungunuka kukhala madzi, amangotha ngati mpweya. Ukatsegula chivundikiro padzuwa, wamuthamangitsa. Bokosilo tinalikhazika pampando wakumbuyo, adokotala n'kulimanga lamba ngati munthu, tinanyamuka.

Ine pakamwa panga mukupadziwa. Tisanafike n'komwe ku Nathenje ndinali nditafunsa kale kuti m'bokosimo muli chiyani, magazi kapena mankhwala.

"Si magazi, si mankhwala, ndipo palibe amene adzabayidwe nazo," anatero adokotala. "M'magazi mwathu muli asilikali oteteza thupi. Msilikali aliyense ali ndi timanja tomwe amakhudzira chilichonse chimene wakumana nacho, kuti adziwe ngati ndi mwini mudzi kapena ndi mlendo woipa. Timanja timeneto ndi mapuloteni. Kale kwambiri ofufuza ena anatenga magazi a anthu m'midzi ya cha ku Ntcheu, n'kupeza mayi wina amene timanja take tinkagwira malungo mwamphamvu kuposa ta anthu onse. Anakopera kapangidwe kake, ndiye lero kunjako amatipanga mu labu, tambirimbiri, n'kutitumiza kwa ofufuza. Ine ndikufuna ndione mmene timagwirira, mwina tingadzathandize ana amene malungo amawakwera m'mutu."

"Ndiye m'bokosimo muli mayi ameneyo?"

"Mulibe munthu. Ndi zokopera chabe, monga mmisiri amasulira kiyi wina poonera wakale. Ngakhale dzina lake palibe akulidziwa, mayina ankachotsa."

Ndinangovomera kuti chabwino. Koma mumtima ndinati kiyi wosulitsa amatsegulabe nyumba yomwe ija.

Titadutsa Linthipe m'galimoto munayamba kununkha sipiliti, uja amakupaka pamkono kuchipatala asanakubaye. Ndinaganiza kuti ndi adokotala apukuta m'manja. Iwo n'kutembenuka kundifunsa ngati botolo la m'kabokosi ka chithandizo choyamba latayika. Ndinawauza kuti m'kabokosimo munatsala sizasi ndi bandeji basi, sipiliti anatha kalekale. Tinatsegula mawindo, fungo silinachoke.

Kenaka kumbuyo kunayamba kumveka kaphokoso. Pha, pha, pha. Kusiya. Pha, pha, pha. Ine ndayendetsa galimoto mpaka imvi izi, phokoso la chitsulo ndimalidziwa, la tayala ndimalidziwa. Ili silinali la galimoto. Linali ngati munthu akusisita ndi kumenya pang'onopang'ono pachivundikiro ndi dzanja limodzi, monga mayi amagonekera mwana. Adokotala anati ndi ayezi akuphulika mkatimo. Ndinati chabwino, inu ndinu ophunzira. Koma ndinaona kuti sanatembenukenso kuyang'ana kumbuyo.

Titatsika phiri la Dedza ndi pamene tinaona koyamba mayi wina wake. Anali atakhala pamphepete pa msewu, pamalo popanda nyumba, popanda mthunzi. Galimoto itayandikira anaimirira. Sanakweze dzanja kuti tiime ayi. Anangoima, chitenje chabuluu chofwifwa, duku kumutu, mapazi opanda nsapato, mkono wamanzere ataupinda chibakera chili paphewa, monga timachitira akatitenga magazi kuti thonje lisagwe. Nkhope yake musandifunse. Ndinamuyang'ana ndithu, koma ndikati ndiikumbuke imandithawa.

Pa Lizulu mukupadziwa mmene pamadzazira, kabichi uku, mbatata uku, anyamata kuthamangira galimoto iliyonse. Ndinachepetsa liwiro. Pakati pa chipwirikiti chonsecho panali munthu mmodzi yekha woima chilili, chitenje chabuluu, mkono wopinda. Anthu ankamulambalala osamugunda, komanso osamuyang'ana. Ndipo palibe minibasi kapena njinga yamoto imene inatipitirira kuchokera ku Dedza, ndikanaiona.

"Adokotala, mwamuona?"

"Yendetsani, a Lufeyo."

Mawu awo anali abata, koma manja anali atagwira chikwama pamiyendo ngati wina akufuna kuwalanda.

Kuchokera pamenepo galimoto inayamba kulemera. Msewu wotsetsereka, ine phazi lili pansi, koma inkayenda ngati ndanyamula matumba a simenti. Amene munanyamulapo maliro mukudziwa chimene ndikunena, pamene mwini wake sakufuna njira imene mwatenga. Sindinanene zimenezo kwa adokotala. Ndinangozimitsa wailesi, chifukwa nyimbo zinayamba kundinyansa.

Galimoto inazima tisanafike pa boma la Ntcheu. Sinatsokomole, sinagwedezeke, injini inangokhala chete, galimoto n'kuyenda yokha pang'onopang'ono mpaka kukaima pansi pa mkuyu waukulu m'mbali mwa msewu, bwinobwino ngati ndaiimika ndine. Ndinatsegula kutsogolo. Batire ili bwino, mafuta alimo, madzi alimo, waya aliyense ali pamalo pake. Ndikapotokola kiyi, zii. Dzuwa linali pamutu, ndipo kanyali kaja kanayamba kuphethira.

Adokotala anayesa foni, inakana. Anaima pamsewu kuimitsa magalimoto. Inadutsa lole, inadutsa basi, zinadutsa zing'onozing'ono, ndipo palibe dalaivala ngakhale mmodzi amene anatembenuza mutu. Ine mantha anga anali ena. Galimoto yoyera, bokosi lomata, mudzi wa eni ake, ndipo mukudziwa nkhani za anamapopa zikabuka mmene anthu amachitira. Ndinkapemphera kuti pasabwere gulu.

Pansi pa mkuyupo panali mayi mmodzi wogulitsa thobwa, wamsinkhu wapakati, atakhala pamuzu ndi ndowa yake. Nthawi yonseyi ankangotiyang'ana, osadabwa n'komwe. Ndinapita kukamulonjera, iye anati dzina lake ndi Filesi, kwawo ndi kuseri kwa mtengowo.

"Musavutike nayo, bambo, siinawonongeke," anatero. "Galimoto zoyera zimaima pano kawirikawiri. Amangosuzumiramo, akaona kuti si zimenezo amazisiya zipite. Koma yanuyi aigwira ndithu."

"Ndani?"

"Amayi anga, aNangozo. Simunakumane nawo m'njiramu? Amavala chabuluu."

Adokotala anali atafika kumbuyo kwanga, ndipo anafunsa mwaulemu kuti amayiwo ali kuti.

"Tinawaika kalekale, mwana wanga woyamba ali kumsana. Pano naye ali ndi ana."

Filesi anatithirira thobwa m'makapu osatifunsa, n'kuyamba kufotokoza ngati akunena za mvula ya chaka chatha. Anati iye ali mtsikana kunabwera galimoto yoyera, inaima pansi pa mkuyu womwewo. Anthu a m'galimotomo anayala tebulo, natenga magazi a anthu ambiri a m'mudzimo, amvekere tikufufuza za malungo. Namwino amene anatenga magazi a aNangozo anawaika thonje n'kunena kuti, pindani mkono mayi, tidzabweranso kudzakuuzani zimene tapeza.

"Ena onse anaiwala, koma amayi ayi, chifukwa iwo anali ndi mlandu pamudzi pano," anatero Filesi. "Amayi sanagonepo ndi malungo moyo wawo wonse. Ife ana awo chimodzimodzi, tonse tinakula. Koma nyumba zoyandikana nafe, dzinja lililonse kamaliro ka mwana. Ndiye anthu anayamba kunong'ona kuti aNangozo amateteza ana awo podya a anzawo. Pachitsime akafika, anthu ankachoka. Pamaliro ankawapatsa mbale yawoyawo. Iwo ankangoti, dikirani, a chipatala aja anaona magazi anga, akabwera adzanena pamaso pa nonse chimene chili m'thupi mwangamu."

Anati thonje lija aNangozo analimanga pakansalu n'kulisunga pamfundo ya chitenje. Tsiku lililonse akaweruka kumunda ankadzakhala pamuzu umenewo, ndipo ikamabwera galimoto yoyera ankaimirira n'kupinda mkono.

"Ndinkawafunsa kuti amayi, bala linapola kalekale, mukupindiranji? Iwo amvekere, tinalipo ambiri tsiku lija, andizindikira bwanji? Anamwalira anthu akuwatchulabe kuti mfiti. Thonjelo tinawaika nalo."

Adokotala anakhala pansi, pafumbi pomwepo, ndi siketi yawo ya ku ofesi. Anavula magalasi. Ananena motsitsa kuti iwo sanali m'gulu limenelo, nthawi imeneyo anali asanayambe n'komwe sukulu, ndiponso sangatsimikize kuti za m'bokosizo zinachokera kwa aNangozo, poti mayina anachotsedwa.

"Inu simukudziwa, koma eni ake chawo akuchidziwa," anatero Filesi. "Tsitsani, mutsegule aone. Ndipo munene mokweza, ena amve."

"Ndikatsegula padzuwa lino zifa, mayi. Ndi zimene ndikufuna ndithandizire ana."

"Kaya. Ine ndangonena zimene akudikira."

Filesi sanakakamize. Anatenga makapu ake n'kuyamba kutsuka. Adokotala anandiyang'ana ine. Ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa ndinkawaona mmene ankagonera ku labu, mwana wawo akuleredwa ndi wantchito. Kumbuyo m'galimoto, zitseko zili zotseka, kunamvekanso pha, pha, pha.

Anthu anali atayamba kufika, osati gulu loopsa lija ndinkaliopa, koma azimayi ochokera kudimba, abambo awiri a njinga za makala, ndi nkhalamba ina yamwamuna yoyenda ndi ndodo, imene Filesi sanaiyang'ane ngakhale kamodzi. Anaima chapatali.

Adokotala anadzuka okha. Anamasula lamba, ananyamula bokosi, n'kuliika pansi patsogolo pa muzu uja. Anandipempha sizasi. Anadula matepi onse okha. Atakweza chivundikiro, kanyali kanafiira nthawi yomweyo.

Utsi woyera unatuluka. Ine utsi umenewu ndauona kambirimbiri, umatuluka n'kubalalika. Uwu sunabalalike. Unatsika m'mbali mwa bokosi, unayenda pansi mowongoka ngati kanjira, mpaka pamuzu, n'kuunjikana pamenepo kufika msinkhu wa munthu wokhala pansi. Mphepo inalipo, masamba a mkuyu ankagwedera, koma utsiwo unangokhala.

Adokotala anagwada. Anatulutsa kabotolo kamodzi, kakang'ono ngati chala cha mwana, n'kukagwira ndi manja awiri.

"ANangozo, ndine Zelipa, mwana wa kwa Kamwendo. Tachedwa, mutikhululukire. Ndabwera kudzakuuzani zimene anapeza m'magazi mwanu." Apa anakweza mawu, n'kutembenukira kwa anthu aja. "Munabadwa ndi asilikali a m'thupi amene amagwira malungo mwamphamvu kuposa a anthu ena. Ana anu anatengera inu, monga mwana amatengera mphuno kapena msinkhu. N'chifukwa chake sankadwala. Palibe mwana wa munthu amene munamudya. Ana enawo anawapha ndi malungo. Ndipo chimene chinali m'thupi mwanu, lero anthu a kutali akuchikopera kuti aphunzire kupulumutsa ana. Mankhwala sitinawapeze, sindikunamizani. Koma tikuwafuna ndi manja anu."

Nkhalamba ya ndodo ija inavula chipewa n'kuyang'ana pansi. Filesi misozi inkangotsika, osapukuta, manja ali mu ndowa.

Ndiye panamveka kuomba m'manja. Osati pha, pha wa dzanja limodzi uja ayi. Manja awiri, ofumbata, phu, phu, phu, mmene amayi akale ankathokozera akalandira chinthu. Ndinayang'ana aliyense amene anali pamenepo. Wina anagwira khasu, wina njinga, wina chipewa, adokotala kabotolo. Utsi uja unaphwa pang'onopang'ono n'kulowa m'nthaka, fungo la sipiliti n'kutha.

"Pitani tsopano," anatero Filesi. "Thobwalo musalipire."

Nditapotokola kiyi galimoto inalira kamodzi n'kamodzi, ndipo inali yopepuka ngati njinga. Njira yonse kanyali kanali kofiira. Adokotala analikumbatira bokosi pamiyendo. Pa Zalewa ndi pamene anati, "Zatha, a Lufeyo. Koma ndikanapitirira osatsegula, sindikanagonanso tulo." Ine ndinangowapatsa kampango kanga kuti apukute misozi.

Tinafika ku labu dzuwa likulowa. Adokotala anati bokosilo tilitsegule basi, tione mtembo wake. Ayezi munalibe ngakhale kambenthu. Adokotala anapisamo dzanja, n'kulibweza msanga ngati agwira moto. Timabotolo tonse tinali gwa, touma ndi kuzizira, tochita kumata zala. Ndipo pakona, pamene ine ndi maso angawa ndinaona kuti panalibe kanthu pansi pa mkuyu paja, panali kansalu kabuluu komanga mfundo. Adokotala anamasula. Munali thonje lakale, lachikasu, lili ndi kadontho kakuda pakati.

Mapuloteni aja anagwira ntchito, onse. Kansaluko adokotala anakabweza okha kwa Filesi Loweruka lotsatira, ine ndinawaperekeza, ndipo pamuzu paja panalibe wina koma nkhuku.

Ndinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Koma mvula itayamba anandituma ndekha kukatenga bokosi lina ku Lumbadzi, la bwana wina, za matenda ena. Pobwerera, nditadutsa mkuyu uja ndinapuma bwino, ndinayatsa ndi wailesi yomwe. Patsogolo pang'ono, pamlatho, bambo wina wovala malaya ong'ambika anaimirira ataona galimoto, n'kupinda mkono. Kutsogolo kwake mtsikana. Kutsogolo kwakenso mayi ali ndi mwana pambali, onse awiri mikono yopinda. Sanandiimitse, anangosuzumira n'kundisiya ndipite. Paja aNangozo ananena kuti tsiku lija analipo ambiri.

N'chifukwa chake ndimafunsa. Mabwana ena amandiyankha, ena amaseka, amati mulibe munthu, ndi zokopera chabe. Ine ndimangoti chabwino, koma ndikafika pa Ntcheu ndimachepetsa liwiro kuti eni ake aone bwino.

Chimanga chapserera icho, Gomani, wasiya kutembenuza. Bokosi lija ndinaliona pampando wakumbuyo m'galimoto mwako, limene ukupita nalo kumwera mawa, unafunsa kuti muli za yani?